Kodi amene amagamula za malipiro a osesa mumsika ndi alonda a khonsolo ndi ndani?

Mphwa wa ku Thyolo walemba kuti:

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yatisowetsa mtendere pakhomo pathu. Ine ndimakhala kuno ku Thyolo, ndipo amalume anga, amene anandilera bambo anga atamwalira, akhala akusesa mumsika pansi pa khonsolo ina ya dera lino kwa zaka zoposa 15. Dzina la khonsoloyo sinditchula, pakuti sindinabwere kudzanyoza munthu, koma ndikufuna kumvetsa mmene zinthu zimayendera.

Amalumewo amadzuka kusanache, n'kutenga tsache ndi wilibala imene gudumu lake analimanga ndi waya, ndipo pamene amalonda akuyamba kuyala katundu amakhala atachotsa kale makoko a nthochi, masamba owola a kabichi ndi mapepala onse a dzulo. Ntchitoyi sajomba, ngakhale kugwe chiperoni cha mlungu wathunthu. Komatu uno ndi mwezi wachinayi asanalandire malipiro, ndipo ulendo womaliza umene anaitanidwa ku ofesi anapatsidwa theka la mwezi umodzi, n'kuuzidwa kuti zotsalazo adzalandira ndalama zikapezeka. Tsamba lawo m'kope la ngongole pa okala ya pafupi ndi kwathu ladzaza, mwini okalayo wayamba kuwayang'ana ndi diso lina, ndipo mwezi wathawu anakatenga katapila kuti alipirire mwana wawo fizi ya ku sekondale.

Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi. Mnansi wathu ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo iye amanena kuti masiku ano nawonso aphunzitsi ali pansi pa khonsolo, koma malipiro ake amalowa mwezi ndi mwezi, ngakhale nthawi zina amachedwa ndi masiku ochepa. Chachiwiri, khonsolo yomweyo imene ikuti ilibe ndalama yangomaliza kumanga mlatho ndi midadada iwiri ya sukulu chaka chomwe chino, ndipo magalimoto ake sanasiye kuyenda. Tsono ndikufunsa kuti, kodi malipiro a anthu ngati amalume anga amachokera m'thumba liti? Amene amagamula kuti alandire zingati, komanso kuti mwezi uno alandire kapena adikire, ndi ndani: makhansala, bwanamkubwa, kapena unduna ku Lilongwe? Ngati ndondomeko ya zachuma ya chaka chino inavomerezedwa ndipo malipirowo analembedwamo, zimatheka bwanji kuti ndalama zake zisowe?

Kalaliki Wopuma wayankha kuti:

Achimwene, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyankha monga munthu amene anathera zaka zambiri akulemba mabuku a ndalama m'makhonsolo, ndisanapume n'kudzakhazikika kuno ku Mulanje. Pepani kuti nditalikitsa.

Choyamba muyenera kudziwa kuti pakhonsolo pamakhala magulu awiri a antchito, ngakhale onse amalowera pakhomo limodzi. Gulu loyamba ndi la antchito a boma, monga aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana. Mayina awo amadutsira ku khonsolo, koma ndalama za malipiro awo zimachokera ku unduna wa zachuma, ndipo khonsolo singazikhudze. Mnansi wanu mphunzitsiyo ali m'gulu limeneli. Gulu lachiwiri ndi la anthu amene khonsolo inawalemba yokha, monga osesa, alonda, otolera ziphaso mumsika, osamalira zimbudzi ndi ogwira ntchito m'nyumba zogona alendo za khonsolo. Amenewa amalipidwa kuchokera ku ndalama zimene khonsolo yatolera yokha m'dera lake: ziphaso za mumsika, za padepoti, malaisensi a mabizinesi, lendi ya nyumba ndi mashopu a khonsolo, komanso msonkho wa nyumba ndi malo kumene msonkhowo umaloledwa. Amalume anu ali m'gulu lachiwirili, ndipo kunena mosabisa, malipiro awo amachokera m'manja mwa amayi ogulitsa tomato amene iwo amawasesera pamalo.

Nanga mlatho ndi midadada ya sukulu? Ndalama zimenezo zimabwera zitamangidwa kale dzina. Za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lija timati CDF, za thumba la chitukuko cha m'maboma, ngakhalenso za mapulojekiti a mabungwe akunja, zonsezi zili ndi malamulo ake, ndipo mkulu wa zachuma amene angatapepo kuti alipire osesa adzayankha mlandu pamene ofufuza mabuku a boma afika. Ngakhale ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku zimene boma limatumiza, zimene m'maofesi amazitchula kuti ORT, zimabwera zitagawidwa kale kuti izi ndi za zaumoyo, izi ndi za maphunziro, izi ndi za ulimi. N'chifukwa chake khonsolo ingathe kukhala ndi ndalama zambiri ku banki pa akaunti imodzi, pamene akaunti yolipirira amalume anu ili mbee.

Anthu ambiri kuno amadabwa kuti dera limene lili ndi minda ya tiyi yochuluka chonchi lingasowe bwanji ndalama zolipira mlonda. Yankho lake ndi lakuti misonkho ikuluikulu ya makampani imatoleredwa ndi bungwe la MRA n'kupita ku thumba lalikulu la boma, osati ku khonsolo. Makhonsolo a m'matauni, monga wa Luchenza, ndi a m'mizinda inayi ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ali ndi mwayi wa msonkho wa nyumba, koma nawonso umadalira kaundula wa mitengo ya nyumba amene amayenera kukonzedwanso pa zaka 5 zilizonse, ndipo ntchito yokonza kaundulayo imafunanso ndalama. Makhonsolo a m'maboma amatsamira kwambiri pa misika, ndiye taganizirani kusiyana kwa msika waukulu wa kumalire ngati wa Limbuli, kapena wa Bvumbwe kumene magalimoto a ku Blantyre amadzapikula ndiwo zamasamba, ndi kamsika ka kumudzi kamene kamakumana kamodzi pa mlungu.

Tsopano ndifike pa funso lanu lenileni, lakuti ndalama zolembedwa m'ndondomeko zimasowa bwanji. Bajeti si ndalama zimene zili m'bokosi ayi, koma ndi chiyembekezo cholembedwa papepala. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, kuyambira mu 2022 pamene anasiya dongosolo lakale loyambira mu July. Miyezi ingapo chakacho chisanayambe, nthambi iliyonse imalemba zofuna zake, a zachuma amaziphatikiza, komiti ya zachuma ya makhansala imaziunika, msonkhano wa khonsolo yonse umavomereza, ndipo zikatero zimapita ku bungwe la National Local Government Finance Committee, limene linakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko lino kuti liziunika bajeti za makhonsolo. Vuto limayambira pa mzere woyamba, wa ndalama zimene khonsolo ikuyembekeza kutolera. Zofuna zikachuluka, chinyengo chosavuta ndi kukweza nambala imeneyo kuti mbali ziwirizo zifanane.

Tiyerekeze chabe, ndipo manambala awa ndangowapeka kuti nkhani imveke. Khonsolo yalemba kuti idzatolera K20 miliyoni pa mwezi, ndipo malipiro a antchito ake ndi K9 miliyoni. Papepala zonse zikuoneka bwino. Koma ngati zotolera zenizeni zikungofika K11 miliyoni, pa ndalama zomwezo pakudikira bilu ya magetsi, ya madzi, mafuta a thirakitala yotaya zinyalala, kusindikiza mabuku a ziphaso, ndi maalawansi a misonkhano. A magetsi akabwera ndi makwerero kudzadula, amalipidwa tsiku lomwelo. Wapafilingi akakana kupereka mafuta pangongole, amalipidwa. Wosesa alibe chimene angadule, choncho ndiye amene amauzidwa kuti apirire. Ine ndinakhalapo m'chipinda mmene mkulu wa zachuma ankayala mavocha, mapepala opempha kuti ndalama zilipidwe, patebulo ngati makadi, n'kumasankha oti asainidwe mlungu umenewo, ndipo ndikuuzeni kuti chigamulo chenicheni cha malipiro a amalume anu chimachitikira patebulo limenelo, osati muholo ya msonkhano wa bajeti.

Pali zinanso ziwiri zimene zawonjezera moto. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene zinakweza mtengo wa chilichonse chimene khonsolo imagula. Kenaka malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi mu 2024, ndipo mu 2025 anafika pa K126,000. Kukwezako kunali koyenera ndithu, pakuti ndalama yakaleyo sinkagula kanthu, koma lamulo limakweza malipiro popanda kutumiza ndalama zake, pamene mtengo wa chiphaso cha mumsika sungakwere popanda mkangano ndi amalonda. Onjezerani apo kuti mu January ndi February misika imazizira chifukwa anthu alibe ndalama ndipo ali kuminda, muona chifukwa chake ngongole za malipiro zimakonda kuunjikana nthawi ya dzinja.

Mayi wa Pabenchi wayankha kuti:

Bambo Kalaliki, mwafotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma pamene mwanena kuti mtengo wa chiphaso sungakwere chifukwa cha mkangano ndi amalonda, mwaoneka ngati mukutisenzetsa ife mtolo umene si wathu. Ine ndagulitsa tomato ndi anyezi kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lililonse limene ndayala malonda ndimadula chiphaso, ngakhale tsiku limene ndabwerera kunyumba ndi dengu lodzaza. Ife sitikana msonkho. Chimene chimatipweteka ndi kulipira tsiku ndi tsiku pamene chimbudzi chinadzaza kalekale, mpopi suli kutuluka madzi, ndipo mvula ikagwa timagulitsira m'matope ofika m'akakolo. Amalonda akagwirizana kuti asiye kudula ziphaso, amakhala atalankhula kambirimbiri osamvedwa, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Komanso pali chinthu chimene inu a m'maofesi simuchiona, chifukwa chimachitikira pansi. Wotolera ziphaso amabwera ndi kabuku kake m'mawa, ndipo akafika pa benchi yathu, pamene tili anthu awiri, amalandira ndalama za anthu awiri koma n'kung'amba chiphaso chimodzi, n'kunena kuti tigawane. Tsiku lina amakuuza kuti umupatse theka la mtengo ndipo asakulembere kanthu, iwe n'kuvomera chifukwa wapulumutsako ya sopo. Ndinkamuda munthu ameneyu, kufikira tsiku limene anandiuza, uku akuyang'ana kumbali, kuti naye watha miyezi itatu osalandira, ndipo kunyumba kwake ana agona ndi phala. Tsono munthu wanjala mwamupatsa thumba la ndalama kuti aziyenda nalo tsiku lonse, mukuyembekeza kuti madzulo lifika lonse ku ofesi? Apa ndiye pali gudumu loipa: salipidwa chifukwa zotolera zachepa, ndipo zotolera zachepa chifukwa salipidwa.

Ife a komiti ya mumsika tinapemphapo zinthu ziwiri. Tinati pachipata paikidwe bolodi lolembapo ndalama zimene zatoleredwa mlungu uliwonse, kuti tizifananiza ndi chiwerengero cha mabenchi amene tikuwadziwa tokha. Tinatinso tizilipira kudzera pa foni, pa Mpamba kapena Airtel Money, kuti ndalama zisamadutse m'matumba ambiri. Anatiyankha mwaulemu kuti aganizirapo. Achimwene a ku Thyolo, amalume anu muwapatse moni, chifukwa ife amene timafika mumsika m'mawa timadziwa kusiyana kwa tsiku limene osesa abwera ndi tsiku limene sanabwere.

Khansala Wakale wayankha kuti:

Ndinatumikirapo ngati khansala kuyambira mu 2014 mpaka mu 2019, ndipo popeza funso lakhudza makhansala, ndiyenera kuyankha, ngakhale zina zimene ndinene sizindikomera ine mwini.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono, chifukwa imafotokoza zambiri. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998, ndipo makhansala oyamba pansi pa lamulolo anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala, kufikira chisankho cha patatu cha mu May 2014. Pa zaka zonsezo maofesi anazolowera kuyendetsa ndalama popanda wowafunsa, ndipo ife titafika tinali ngati alendo pakhomo pa eni ake. Kuwonjezera apo, kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunapereka mphamvu yosankha bwanamkubwa kwa nduna, kutanthauza kuti munthu amene amasunga buku la macheke sitinamulembe ntchito ndife ndipo sitikanatha kumuchotsa. Akuluakulu ena a nthambi amalembedwa ndi bungwe la Local Government Service Commission. Choncho pamene Bambo Kalaliki akunena kuti khonsolo yonse imavomereza bajeti, akunena zoona, koma kuvomerezako kumasiyana ndi kulamulira.

Ndikukumbukira bwino mmene chikalata cha bajeti chinkatipezera. Chinali chibuku chachikulu cha m'Chingerezi, chodzaza ndi manambala ang'onoang'ono, ndipo kawirikawiri tinkachilandira m'mawa wa tsiku la msonkhano, titakhala kale pamipando. Aliyense ankatsegula n'kumafufuza dzina la wodi yake, kuti aone ngati mjigo kapena mlatho umene analonjeza anthu walowamo. Akaupeza, mtima unkakhala pansi, ndipo dzanja linkakwera povomereza. Tsamba la malipiro a antchito a khonsolo palibe amene ankaimapo, ndipo ine ndemwe sindikumbuka kuti ndinafunsapo kuti ngongole ya malipiro a m'mbuyo yafika pati, kufikira chaka changa chachitatu, pamene mlonda wina wachikulire anandiimitsa panjinga n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti iye amalondera ofesi yathu ndi njala. Mjigo umaoneka ndipo umabweretsa mavoti, pamene malipiro a mlonda saoneka ndi aliyense kupatula banja lake.

Cholakwa china chinali chathu ndithu. Ambiri a ife tinkakakamiza kuti achinyamata a m'madera mwathu alembedwe ngati otolera ziphaso kapena aganyu, osafunsa kuti adzalipidwa ndi chiyani. Munthu akalowa pa ganyu ya miyezi itatu sankachokanso, ndipo mndandanda wa olipidwa unkangotalika pamene misika ili yomweyo. Pa nkhani ya maalawansi, anthu amakokomeza pang'ono, pakuti msonkhano wa khonsolo yonse umayenera kuchitika kanayi pa chaka ndipo makomiti ayenera kukumana kuti ntchito iyende, koma sindingakane kuti zinkachititsa manyazi kusainira envulopu ya alawansi pamene wotipangira tiyi pamsonkhano womwewo sanalandire.

Ngakhale zili choncho, sindikufuna kuti boma lalikulu lipulumuke pa nkhaniyi. Ndondomeko ya mu 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera, kupatula thandizo la kunja, kuti azichitira chitukuko, ndipo dandaulo la makhonsolo kwa zaka zambiri lakhala lakuti zobwera zimachepa ndiponso zimachedwa. Zikachedwa, nthambi zimene zimayenera kudalira ndalama za boma zimabwereka mafuta ndi zina ku kathumba kakang'ono ka ziphaso, ndipo kubweza kwake kumavuta. Namondwe wa Freddy atawononga Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera mu March 2023, misewu ndi milatho zinaduka, misika ina inakhala masabata osayenda bwino, koma antchito anayenerabe kulipidwa.

Chimene makhansala angachite, ndipo chili m'mphamvu zawo, ndi kupanga chigamulo cholembedwa chakuti pa ndalama zilizonse zotoleredwa, malipiro a antchito a khonsolo azichotsedwa poyamba zina zonse zisanalipidwe, kuphatikizapo maalawansi awo omwe, ndiponso kuti komiti ya zachuma izilandira lipoti la ngongole ya malipiro pa msonkhano uliwonse. Ine ndinabweretsa ganizo limeneli mochedwa, chisankho chitayandikira, ndipo linathera m'maminitsi.

Mlangizi wa za Ntchito wayankha kuti:

Onse amene ayankha afotokoza chifukwa chake ndalama zimasowa, koma ndikuopa kuti achimwene athuwa angachoke pano akuganiza kuti amalume awo akungoyenera kupirira. Kusowa kwa ndalama kumafotokoza vuto, koma sikufafaniza ngongole. Lamulo la ntchito la mu 2000 limanena kuti munthu wolembedwa pa malipiro a pamwezi ayenera kulipidwa kosachepera kamodzi pa mwezi, ndipo silipatula khonsolo. Malipiro otsikitsitsa amene Bambo Kalaliki atchula amamanganso khonsolo monga mmene amamangira mwini sitolo kapena esiteti ya tiyi.

Pali nkhani inanso imene imabisala kuseri kwa malipiro ochedwa, ndiyo ya penshoni. Malinga ndi lamulo la penshoni, wolemba ntchito amayenera kuikapo 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kudulidwa 5 peresenti, ndipo zonsezo ziyenera kutumizidwa ku kampani yosunga penshoni. Olemba ntchito amene ali pa mavuto a ndalama amakonda kudula gawo la wantchito papepala koma osatumiza, ndipo munthu amadzazindikira tsiku lopuma ntchito kuti thumba lake ndi lopepuka. Kwa munthu amene wagwira zaka zoposa 15, imeneyi ingakhale ndalama yaikulu kuposa ya miyezi inayi imene ikukudetsani nkhawa lero.

Malangizo anga ndi akuti amalume anu asayende okha. Agwirizane ndi anzawo onse amene ali ndi vuto lomweli, alembe kalata imodzi yaulemu yopita kwa bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo, yotchula miyezi imene sanalandire, ndipo asunge kope lodindidwa chidindo cha ofesi. Ngati yankho silibwera, apite ku ofesi ya zantchito ya paboma, kumene mkulu wa zantchito ali ndi mphamvu yoitanitsa mbali zonse ziwiri, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona za maubale a pantchito. Inuyo monga nzika mulinso ndi ufulu wopempha kuona bajeti ya khonsolo ndi malipoti a zotolera, pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: asasiye kupita kuntchito mwa iwo okha popanda kutsata njira zoyenera, chifukwa kujomba kungapatse ofesi chifukwa chowachotsera, nkhani ya malipiro n'kusanduka ya mwambo.

Mphwa wa ku Thyolo walembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Dzulo madzulo ndinapita kwa amalume ndipo tinatsitsa kachikwama kachitsulo kamene amasungiramo mapepala awo. Tinapezamo kalata yowalemba ntchito, yofiirira ndi ukalamba koma yowerengeka, ndi timapepala ta malipiro tochepa chabe, pakuti akuti zaka zambiri ankangosaina m'buku polandira. Pa timapepala timene tilipoto pakuoneka kuti ankadulidwa ya penshoni, koma iwo sanalandirepo chikalata chilichonse chochokera ku kampani yosunga ndalamazo, ndipo dzina lake salidziwa. Atamva za kalata ya gulu anachita mantha, nati iwo safuna kuoneka ngati oyambitsa chipolowe atatsala pang'ono kupuma. Kodi Bambo Kalaliki, inu amene mukudziwa za mkati, pali njira yofunsira za penshoniyo ndi ngongoleyo imene singawaike pamoto?

Kalaliki Wopuma wayankhanso kuti:

Mantha a amalume anu ndi omveka, achimwene, ndipo musawakakamize kuti dzina lawo likhale pamwamba pa kalata. Pa za penshoni safunika kukangana ndi aliyense. Apite kwa mkulu woona za antchito, osati kwa a zachuma, akanene kuti popeza akuyandikira kupuma akufuna kudziwa dzina la kampani yosunga penshoni yawo ndi nambala yawo ya umembala. Limeneli ndi funso limene munthu aliyense wachikulire amafunsa, ndipo palibe amene angalione ngati chipongwe. Akapatsidwa nambalayo, inuyo muwaperekeze ku ofesi ya kampaniyo ku Blantyre ndi chitupa chawo cha unzika, mukapemphe sitetimenti yosonyeza mwezi uliwonse umene ndalama zinalowa. Miyezi imene palibe kanthu idzaonekera yokha.

Pa za ngongole ya malipiro, chofunika kwambiri ndi chakuti ilembedwe m'mabuku a khonsolo chaka cha ndalama chisanatseke pa 31 March, chifukwa ngongole yolembedwa imalowa m'bajeti ya chaka chotsatira ndipo ofufuza mabuku amaiona, pamene ngongole ya pakamwa imatha kuiwalika akuluakulu akasinthidwa. Apemphe kapepala kosainidwa kosonyeza miyezi imene khonsolo ikuvomereza kuti sinawalipire, pamodzi ndi theka lija limene linatsala. Funso la kuchuluka kwa ngongole ya antchito onse mulisiyire khansala wa wodi yanu, amene angalifunse mu komiti ya zachuma popanda kutchula dzina la munthu. Kalata yowalemba ntchito ija mukaijambulitse makope awiri musanapite nayo kulikonse, ndipo yeniyeniyo ibwerere m'kachikwama.